Malamulo Khumi ndi Tambala Mmodzi

Lolemba

Pepala lafika. Aphunzitsi a Chikomo, a kusukulu yathu ya papulazi, andipeza ndikukolopa khonde la ofesi. Akuti Loweruka kusekondale ya m'tauni kuli mpikisano wa ana olemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo chaka chino sukulu za m'mapulazi zapatsidwa mpando umodzi. Mpando umodzi, mapulazi onse a kuno ku Trelawney! Wopambana apatsidwa malo a Fomu 1, chogonera komweko, mabuku ndi zonse.

Sukulu yathu ilibe kompyuta. Ilibe ndi magetsi omwe. M'komboni yonse amene anakhudzapo kompyuta ndi ine ndekha, chifukwa ndine woipukuta fumbi.

Koma si kupukuta kokha. Medemu, akazi a bwana, maso akuwavuta, ndiye chaka chatha anandionetsa kulowetsa manambala a mvula. M'kabati muli buku la BASIC, chinenero cholembera mapulogalamu, long'ambika chikuto. Medemu akapita kukamwa tiyi, ine ndi buku. Tsiku loyamba ndinalemba mizere iwiri, dzina langa linayamba kutsika pagalasi osaleka ngati madzi a pampopi. Ndi mantha ndinathimitsa pakhoma. Lero ndili ndi pulogalamu yanga yowerengera mvula ya mwezi wonse. Alendo akabwera, medemu amandiitana kuti ndiwaonetse. Amaseka momwe amasekera galu wawo akaima ndi miyendo iwiri.

Giredi 7 ndinamaliza zaka zinayi zapitazo. Ndinakhoza. Bambo anali atangomwalira, Fomu 1 ndinangoimva m'kamwa mwa ena. Ndinalowa m'shedi yosankhira fodya zaka ziwiri, kenako tsache la muofesi.

Aphunzitsi andifunsa ngati ndipita. Ndayang'ana m'ndowa. Iwo akuti ayesa ngati ndavomera.

Malamulo alipo khumi. Ndawatembenuza m'Chinyanja kuti ndiwawerengere amayi:

1. Wopikisana akhale mwana wa sukulu, kapena amene anamaliza Giredi 7 n'kusowa malo.
2. Akhale asanakwanitse zaka 18. Abwere ndi chitupa chobadwira.
3. Avale yunifomu ndi nsapato zotseka.
4. Afike eyiti koloko isanakwane.
5. Asalowe ndi buku, pepala kapena disiki. M'thumba mukhale mopanda kanthu.
6. Asalankhule ndi mnzake m'chipinda.
7. Makolo akhale panja.
8. Akamaliza aimirire, ayang'ane oweruza, afotokoze ntchito yake mokweza mawu.
9. Iye kapena mbale wake asapereke mphatso iliyonse kwa oweruza. Wochita zimenezi achotsedwa.
10. Zimene oweruza anena, zanenedwa.

Ndawerenga katatu. Palibe lamulo lonena kuti uzidziwa kompyuta.

Amayi lamulo la sikisi alikonda: akuti limenelo analembera ine. La eyiti alikwinyira nkhope. Mwana wamkazi kuimirira n'kuyang'ana akulu m'maso ngati wakuba wogwidwa? Tafika pa la naini. Angoyang'ana panja, kumene nkhuku zikutola.

Dongosolo langa: tsiku lililonse kumaliza malamulo awiri. Nthawi ya tiyi kuyeserera pakompyuta. Loweruka kupambana. Januwale kugona pabedi lachitsulo, kukhala ndi desiki yangayanga.

Lachiwiri

Lamulo la thuu. Chitupa chobadwira ndilibe. M'mzere wathu wonse wa nyumba palibe mwana amene ali nacho. Kalekale tinapita kukafunsa, anati tibwere ndi pepala la bambo. Pepala la bambo la ku Tete linadyedwa ndi chiswe bambo akadali moyo.

Amayi atulutsa chitini cha masikono chimene amasungamo zinthu zazikulu. Muli:
mendulo ya Mariya,
batani la jasi la bambo,
chithunzi cha ng'ombe ya munthu wina,
kadi yanga ya ubatizo.

Kadi ilipo ndithu. Dzina lili bwinobwino, dzina la wansembe lili bwinobwino. Mphemvu zinadya pamalo amodzi okha: pa chaka. Mphemvu zophunzira!

Amayi akuti ndinabadwa mvula ija mbendera isanasinthe, nthawi imene anthu ankaletsedwa kuyenda dzuwa likalowa. Azakhali a Rozina, alongo awo a malemu bambo, amene amamva zonse kudzera pakhoma, akuti bodza, mbendera inali itasintha kale, iwo ndi amene anadula mchombo. Akangana mpaka madzi aphwera pamoto. Ngati amayi akunena zoona, ndakula, sindipita. Ngati ndi azakhali, ndipita. Moyo wanga wonse sindinafunepo kuti amayi akhale abodza, lero ndafuna.

Aphunzitsi akuti kalata ya bwana ingakwanire. Masana andiimika pamaso pa bwana pakhomo la balani. Bwana andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, momwe amayang'anira thole lobwera kudibi. Ndimadikira kuti anditsegule kukamwa aone mano. Akuti seventini. Alemba, asaina, apitiriza kukalipira woyendetsa thirakitala.

Ndiye ndili ndi zaka 17. Wondibala sakudziwa, wondidula mchombo sakukhulupiriridwa, koma bwana wanena.

Amayi awawidwa mtima. Akuti ndi chifukwa chake anthu a kumaruzevha, amene ali ndi midzi ndi minda yawo, amatitcha anthu opanda kwawo. Akuti: "Kwathu tilibe, chitupa tilibe, koma mwambo tili nawo. Umenewo chiswe sichidya."

Ndavomera ndi mutu. Nthawi ya tiyi yathera pabalani. Kompyuta sindinaigwire.

Lachitatu

Lamulo la filii. Yunifomu yanga ya Giredi 7 inasanduka nsanza yokolopera kalekale. Ndaikolopetsa ndekha.

Azakhali abweretsa ya mwana wawo Agnesi wa Giredi 5. Mikono yalowa. Mabatani awiri a pamwamba akukana kudziwana. Siketi ikulekeza pamene amayi akuti ndi pa tchimo. Amasula mpendero wonse, awonjezera chigamba cha nsalu yamtundu wina pansi. Tsopano ndikuoneka ngati katani ya m'kantini.

Nsapato zimene komboni yapereka:
magambutsi a alonda, onse akumanzere;
nsapato zazidendene za akazi a foromani, zimene anavala paukwati;
matenesi oyera a aphunzitsi a Chikomo, saizi naini.

Ndasankha matenesi. Kutsogolo ndaikamo nyuzipepala. Kenako ndakumbukira lamulo la faifi: osalowa ndi pepala. Ndachotsa nyuzipepala, ndaikamo thonje. Ndikamayenda phazi limafika poyamba, nsapato pambuyo.

Nkhani yamveka m'komboni monse. Pampopi amayi ena andifunsa ngati kompyuta ingawauze kumene amuna awo anapita atachoka kumigodi ya ku Mutorashanga. Akazi a foromani akuti munthu wosatha kupereka moni mokweza sangapambane kanthu. A Jailosi a kudambwe, amene amasunga zinthu za gule, akuti ali ndi kamtengo koika pansi pa lilime kuti mawu atuluke. Amayi awathamangitsa, akuti ife ndife a Roma. Atachoka, amayi asokera kolona mkati mwa mpendero wa siketi. Ndawakumbutsa kuti m'thumba musakhale kanthu. Akuti mpendero si thumba.

Nthawi ya tiyi medemu andituma kukachapa makatani. Kompyuta ndaiona podutsa, yovekedwa nsalu yake.

Madzulo amayi akhala pakhomo, akuponyera nkhuku madeya. Akuponyera kwambiri tambala wathu wofiira uja, amene amatidzutsa m'mawa uliwonse. Sanamukondepo chonchi. Ndakatsegulanso pepala la malamulo.

Lachinayi

Ofesi yokhoma. Bwana ndi medemu apita ku Harare kukagulitsa fodya, abwera Lamlungu. Kiyi ali m'chikwama cha medemu. Palibe amene anandiuza. Ndaima pawindo ndi tsache, kompyuta mkati, ine panja. Masiku awiri otsala, ndipo chida changa ndi pensulo.

Ndalemba mapulogalamu kuseri kwa matikiti omata pamabelo a fodya. Pepala silikuuza ukalakwitsa. Limangokuyang'ana, ngati ine.

Ana ataweruka, aphunzitsi andiitana m'kalasi kuti tiyeserere lamulo la eyiti. Iwo akhala patebulo ngati woweruza. Akuti ndiimirire ndifotokoze.

Koyamba: ndagwada ndisanadziwe. Maondo amadzipangira okha.
Kachiwiri: ndaimirira, koma ndafotokozera matenesi.
Kachitatu: ndawayang'ana m'maso, mawu onse athawa, Chingerezi ndi Chishona ndi Chinyanja chomwe.
Kachinayi: atuluka panja kukasuta.

Atabwera andiphunzitsa chinyengo. Akuti ndisayang'ane maso, ndiyang'ane khutu. Munthu amayesa ukumuyang'ana, pamene iwe ukucheza ndi khutu lake. Ndayesa. Khutu la aphunzitsi lili ndi tsitsi. Koma mawu atuluka, ang'onoang'ono ngati a udzudzu. Akuti ndikuwe ngati ndikuitana munthu ali kudamu. Sindinaitanepo munthu ali kudamu. Ndimapita komweko kukamuuza.

Pomaliza akuti mutu wanga ndi wabwino kuposa wa ana onse amene anawaphunzitsa, vuto ndi pakamwa. Akutinso mwayi uwu sudzabweranso, chifukwa kalata ya bwana ikunena kuti chaka chamawa ndakula. Ngati kuti sindikudziwa.

Kunyumba amayi alengeza kuti Loweruka apita nawo. Ndawawerengera lamulo la seveni. Akuti panja ndi pomwe amakhala masiku onse, palibe chachilendo. Achapa chitenje chawo cha Mayi Mariya, chimene amavala pa Pasaka pokha.

Tambala wadya kawiri lero. Ine kamodzi.

Lachisanu

Zaululika. M'mawa ndapeza tambala womangidwa mwendo kumtengo wa pichesi.

Ndatenga pepala. Ndawerenga lamulo la naini pang'onopang'ono, chala pamzere. Amayi amvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'beseni. Akuti lamulo ndi labwino, likunena za mphatso. Tambala si mphatso, ndi ulemu. Munthu wamkulu wakuitanira mwana wako, wamupatsa mpando, iwe n'kufika chimanjamanja ngati wobwera kudzapempha moto? Akuti kwa a dokotala anapita ndi mazira, kwa wansembe ndi maungu, ngakhale kwa woyang'anira manda a bambo anapita ndi nkhuku. Ndi ndani anawachotsa?

Ndanena kuti azungu a mapepala amati chimenecho ndi chiphuphu. Akuti chiphuphu chimaperekedwa kuseri, iwo apereka poyera dzuwa likuswa mtengo. Kenako awonjezera kuti kupatsa n'kuika. Amayi! Ndiye chimene lamuloli likuopa chomwecho!

Zimenezi ndanena mumtima. Pakamwa ndangoti: "Chabwino, amayi."

Ndapita kwa azakhali kuti akawalankhule. Azakhali abweradi. Amuyeza tambala m'manja, akuti ndi wopepuka, bwenzi akanawonjezera mtedza.

Ndapita kwa aphunzitsi. Agwira mutu. Akuti alankhula nawo. Afika pakhomo pathu, amayi awayalira mkeka, awapatsa mbatata ndi tiyi. Aphunzitsi alandira ndi manja awiri, adya, ayamikira, akambirana za kuzizira kwa chaka chino. Potsanzikana anena chapansipansi kuti za tambala zija mwina zisiyidwe. Amayi akuti amva. Aphunzitsi achoka ndi mbatata ina m'thumba. Umboni wa amayi wakwana: ngakhale mphunzitsi sakana.

Dongosolo latsopano, langa ndekha. Amayi atapita kumpopi madzulo ndadula chingwe, ndanyamula tambala pansi pa juzi, ndakamutaya kuseri kwa mabulugama, kupitirira damu. Ndamuponyera miyala kuti apite kutsogolo. Wandiyang'ana ndi diso limodzi.

Amayi apeza chingwe chokha. Sanafunse. Ine sindinanene. Tadya ndiwo zamasamba.

Moyo wanga wonse lero ndi tsiku loyamba kuchita chinthu chotsutsa amayi. Ndikumva ngati ndameza mwala, koma mwala wopepuka. Malamulo onse akwana. Mawa!

Loweruka

Lole ya papulazi yonyamula mabelo itisiya m'tauni. Kumbuyo: ine, aphunzitsi, amayi ndi dengu lovundikira. Ndikuyesa ndi mbatata. Tangodutsa njanji, dengu lalira kokoliliko.

Tambala wopusa! Ndinaiwala chimene mwana aliyense amadziwa: nkhuku dzuwa likalowa imabwerera yokha pogona pake. Ndinamupatsa ufulu, iye anabwera kudzagona.

Aphunzitsi apempha amayi kuti dengu alisiye kwa dalaivala. Amayi akuti amva.

Sukulu ili ndi kapinga wometa, mabelu, ana a mabuleza. Mtsikana wina wa masokosi oyera wandifunsa kumene kuli chimbudzi. Akuyesa ndine wosesa. Sanalakwe.

Chipinda chili ndi makompyuta khumi ndi awiri. Mkulu wa oweruza ndi bambo waimvi, magalasi olendewera pachingwe. Kalata ya bwana aiwerenga, andiyang'ana, apumira m'mwamba, andilola. M'thumba mulibe kanthu. Kolona ikundikanda bondo.

Funso lalembedwa pabolodi: munthu alowetse manambala makumi awiri osakanikirana, kompyuta iwasanje kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono. Maola awiri.

Poyamba mutu zii. M'buku long'ambika mulibe zimenezi, kapena zinali m'masamba amene anachoka. Enawo ayamba kale kugogoda ngati matalala padenga. Ndatseka maso. Ndaona benchi la m'shedi. Umatenga masamba awiri oyandikana, umayerekeza, lalitali kumanzere, lalifupi kumanja. Umasuntha dzanja, awiri otsatira. Ukafika kumapeto umabwerera, mpaka dzanja litadutsa mulu wonse osasinthanitsa kanthu. Zaka ziwiri za chifuwa ndi fumbi la fodya, kani ndinali kusukulu!

Ndalemba. Mzere 70 walakwika, ndakonza. Ndailamula kuti iyende: RUN. Manambala aima pamzere ngati ana a asembule. Nthawi ikadalipo yambiri. Woyandikana nane akumenya tebulo. Ndikufuna kumuuza kuti waiwala kulemba mawu oti NEXT, koma lamulo la sikisi ndi langa.

Mapulogalamu atatu okha ndi amene ayenda. Yanga ndi imodzi mwa iwo.

Lamulo la eyiti. Ndaimirira. Maondo akupempha pansi, ndawakaniza. Ndayang'ana khutu la mkulu uja. Ndanena m'Chingerezi kuti ndasanja momwe timasankhira fodya. Akuti ndibwereze mokweza. Ndabwereza, ngati ndikuitana munthu kudamu. Ndaonetsa ndi manja. Mkuluyo waseka, koma osati kuseka kwa alendo a medemu. Waitana anzake awiri kuti adzaone. Walemba zambiri papepala lake. Pawindo aphunzitsi a Chikomo akuvina ndi mapewa.

Ndatuluka. Ndaona kale bedi lachitsulo.

Oweruza akhala pakhonde kumwa tiyi. Akuti belu likalira alengeza. Ndipo ndikuona chitenje cha Mayi Mariya chikudutsa pakati pa kapinga, pomwe pali chikwangwani choletsa kuponda. Tambala kukhwapa.

Amayi agwada pamiyala. Awomba m'manja. M'Chishona chawo chothyokathyoka akuti ndife anthu a papulazi, tilibe kanthu, koma mwana wathu mwamulandira ngati munthu, landirani kankhuku aka.

Mkulu uja nayenso anabadwa kwa amayi. Thupi lake layankha mutu usanaganize. Waimirira, wawomba m'manja, walandira ndi manja awiri.

"Maita basa, amai," wathokoza m'Chishona.

Mphunzitsi wamkazi wa sukulu ya m'tauni, amene mwana wa kalasi yake ali m'gulu la atatu aja, watulutsa pepala, chala pa naini. Makolo ena ayandikira. Mkuluyo waima ndi tambala pachifuwa ngati wanyamula mwana wa eni.

Ndi munthu wabwino. Wanena kuti ngati tambala abwerera kwa mwini wake belu lisanalire, iye ayesa ngati anangomugwirizira. Aphunzitsi a Chikomo agwada pambali pa amayi, awamasulira monong'ona.

Amayi sanakweze mawu. "Tambala wawombedwa m'manja. Kodi ife ndi ana, oti tipereke n'kulanda? Mukufuna azikanena kuti anthu opanda kwawo aja amabweza dzanja?"

Mkuluyo watembenukira kwa ine, wanditambasulira tambala. Akuti, mwanangu, mutenge iwe.

Mapazi anayi okha pakati pa ine ndi tambala. Ndawawerenga. Kutenga tambala, kubwerera, Januwale Fomu 1. Koma kutenga ndiye kuti ndalanda m'manja mwa mkulu chimene amayi apereka, pamaso pa anthu a mabuleza, iwo ali chogwada pamiyala ndi chitenje cha Pasaka. Ndaona duku lawo, ndaona zidendene zawo zong'aluka.

Ndati: "Amayi..."

"Khala chete, akulu akulankhula."

Kwa oweruza atatu ndalankhula Chingerezi choimirira. Kwa amayi anga mawu amodzi okha, ndipo athera pomwepo. Ndayang'ana matenesi.

Belu lalira.

Dzina langa alidula ndi rula, mwaukhondo. Wapambana mnyamata amene bambo ake ali ndi kompyuta kunyumba. Mkulu uja wandipeza pageti, akuti pulogalamu yanga inali yaifupi ndi yoyera kuposa zonse, ndidzabwerenso chaka chamawa. Ndayang'ana khutu lake.

Tambala ndamuona komaliza akulowa m'buti ya galimoto ya mkulu uja. Ndawerenganso pepala. Lamulo likuletsa kupereka. Kulandira silikuletsa.

Lamlungu

Tadzuka dzuwa lili pamutu pa mabalani. Mapemphero tawapeza pakati.

Titatuluka, amayi azunguliridwa ndi anzawo. Akufotokoza momwe bambo wamkulu wa magalasi anaimirira, kuwomba m'manja, n'kulandira ndi manja awiri. Akuonetsa ndi manja awo. Afotokoza katatu. Akuti m'tauni monse aona kuti a papulazi si nyama. Azakhali akuti akanawonjezera mtedza uja bwenzi zitayenda bwino. Akazi a foromani akuti iwo ananeneratu kuti wosalankhula sangapambane. A Jailosi angondilozera pansi pa lilime n'kudutsa.

Zobweza:
yunifomu kwa Agnesi, amene akulira chifukwa cha chigamba;
matenesi kwa aphunzitsi, amene sakundiyang'ana m'maso, kapena m'khutu;
kolona kwa amayi.

Kalata ya bwana ndaiika m'chitini cha masikono. Mphemvu zikafuna zidye pa seventini.

Masana tili awiri pamkeka, tikusenda mtedza, amayi andifunsa osandiyang'ana ngati makina aja anandimvera. Ndati anandimvera. Afunsa ngati ndinaposa ana a mabuleza. Ndati mkulu uja anatero. Atembenuza mtedza umodzi m'manja osausenda. Kenako akuti, ndiye basi, akulu aja akudziwa. Andisunthira mulu wawo wosenda kale kuti ndidye.

Ndadya. Ndikanatani?

Ndikufuna kukwiyira amayi, mkwiyo ukubwerera. Ndikufuna kukwiyira mayi wa chala pa naini, koma iye anangowerenga zimene ndinawerenga ndekha Lolemba. Wotsala ndi ine, mwini mapazi anayi aja amene sindinayende.

Galimoto ya bwana yalowa madzulo ano. Medemu atumiza uthenga: makatani sanaume bwino, ndipo kompyuta yachita fumbi masiku anayi. Sanafunse za Loweruka. Mwina aiwala. Mwina adzakumbukira alendo akabwera.

Malamulo khumi ndinasunga asanu ndi anayi. Mawa ofesi itsegulidwa seveni koloko, ndipo wotidzutsa palibe.